Mtovu wa Atsibweni

"Mwana wanga azivulira zovala kuseri kwa khola ngati wakuba? Pakhomo pake pomwe?"

A Marita anali ataima pakati pa bwalo, akuloza mtengwa wawo ndi chitsononkho. Debora anali atagwada pambali pa beseni, akuchapa ovololo ya mwamuna wake, Festus. Sanadzutse mutu.

A Agustino Phiri, mlongo wawo wamkulu wa a Marita, anafika akupumira m'mwamba. Iwo ndiwo anali nkhoswe ya banjali, ndipo anachita kuwaitanitsa ku nazale ya fodya.

"Mwabwera bwino achimwene," anatero a Marita. "Dzionereni nokha. Festus akafika kuchokera ku Madisi saloledwa kulowa m'nyumba. Ayambe wavula, wasamba, wadula zikhadabo. Kodi ndi mwamuna kapena ng'ombe ya kudibi?"

"Nambewe, zikunenedwazi n'zoona?" anafunsa a Agustino, akumutchula Debora ndi dzina la mfunda wake.

"N'zoona atsibweni," anayankha Debora motsitsa mawu. "Zovala zimenezi zili ndi fumbi la mabatire. Sizilowa m'nyumba."

"Fumbi lomwelo ndi limene linagula malata ukugonamowo!" anakuwa a Marita. "Zaka zisanu tikudya nawe pano, ngakhale kusanza m'mawa kamodzi kokha, ayi. Nkhuku imene ndinakupatsa tsiku la ukwati ili ndi zidzukulu. Iwe ntchito kulamula mwamuna kusamba. Mankhwala onse ndinakutengera kwa azamba aja unamwa, kapena unathirira maluwa?"

"Ndinamwa onse, amayi."

"Ndiye ndiwe chumba basi. Achimwene, itanani kwawo adzamutenge. Ine ndikufuna kunyamula mdzukulu maso anga akuona."

Festus anatulukira kuseri kwa khola atavala kabudula, madzi akudontha m'mutu. Anali munthu wamtali, koma chaka chimenecho anali ataonda, ndipo ankayenda atagwira pamimba.

"Festus, ukuti bwanji?" anafunsa a Agustino. "Mkaziyu ndi wako."

Festus anayang'ana amayi ake, n'kuyang'ana mkazi wake, kenaka analowa m'nyumba.

A Agustino anali ataweruza kale mumtima. Mkazi wosabereka amakhala wofatsa, osati woika malamulo. Ananena kuti atumiza mawu kwa a Langton, atsibweni ake a Debora, kuti ankhoswe adzakumane Loweruka la sabata yachitatu.

Patapita masiku anayi, a Agustino anapita ku Madisi kukamuona Festus pa ntchito. Iwo ndiwo anamanga kashopu ka mabatire kameneko, ndipo anagwiramo zaka makumi atatu. Anamusiyira mwana wa mlongo wawoyo pamene dzanja lawo lamanja linayamba kulendewera ngati tsamba la fodya lofota. Anthu ankati anawalodza ansanje, iwonso ankakhulupirira zomwezo.

Anamupeza Festus akugwira monga momwe anamuphunzitsira. Anang'amba batire lakufa ndi chikwanje, n'kutaya asidi m'ngalande, n'kusolola mapuleti a mtovu. Anawaponya m'chitini chimene chinali pa mbaula. Mtovu utasungunuka, anawerama n'kuuzira ndi pakamwa kuti zonyansa zoyandama zipite pambali, utsi ukumukwera kumaso. Kenaka anathira m'zikombole kupanga mitu yatsopano ya mabatire a sola ndi a magalimoto. Wotsala ankagulitsa kwa asodzi kuti azilemetsera maukonde.

A Agustino anatulutsa chimanga chiwiri cha kudimba m'thumba la jekete.

"Chotsa chitinicho tiotche. Makala asapite pachabe."

Limenelo linali lamulo lawo kuyambira kale: ukamaliza kusungunula, pamoto pomwepo uotchepo chimanga kapena mbatata.

"Pamenepo sitiotchaponso, atsibweni," anatero Festus.

"Wakuletsa ndani? Boma kapena Nambewe?"

Asanayankhe, Debora anafika atasenza chigubu cha madzi, m'manja muli kontena ya chakudya yokulunga m'nsalu. Kuchokera kumudzi kufika pa Madisi ndi ulendo wa ola lathunthu, ndipo dzuwa la Okutobala linali likuswa mtengo. Anapereka moni atagwada, n'kutulutsa sopo. Festus anasamba m'manja mpaka m'zigongono, anachukucha m'kamwa, n'kupita kukadyera kutali pansi pa mtengo wa kesha. Anyamata a kabaza anaseka.

"Bwana Festus, akakumweteninso ndevu!" anakuwa mmodzi.

Pobwerera, Debora ankayenda kumbuyo kwa a Agustino, patali ndithu monga amachitira mtengwa. Atafika padambo pomwe panalibe anthu, anawapitirira pang'ono n'kugwada pambali pa njira.

"Atsibweni, ndili ndi mawu. Nkhoswe imamva zonse, koma izi zithere m'makutu mwanu. Ndinalonjeza a Festus kuti sindidzanena pagulu."

"Nena msanga, dzuwa likundiotcha."

"Mwezi wa Juni kunabwera anthu azaumoyo pa Madisi. Ankayeza magazi a anthu okonza mabatire. A Festus anawapeza ndi mtovu wambiri m'magazi. Anati ndi umene ukuwapweteka m'mimba ndi m'mutu, ndi kuwakwiyitsa pachabe. Anatinso umafooketsa mbewu za abambo."

A Agustino anaseka mwachipongwe.

"Anthu a timakina aja? Amabwera pa galimoto, kubaya anthu zala, kujambula zithunzi, n'kupita kukadyera ku hotela. Iwe n'kukhulupirira zimenezo?"

"Nanenso sindinakhulupirire. N'chifukwa chake ndinagulitsa soya wanga, tinapita ku chipatala chachikulu ku Lilongwe. Anatiyeza tonse awiri. Ine anati ndili bwino. A Festus anati mbewu zawo n'zochepa, ndipo zomwe zilipozo n'zofooka. Adokotala anati akasiyana ndi utsiwo mwina pakapita miyezi zingabwerere, mwinanso ayi. Sanatilonjeze kanthu."

"Nanga bwanji sakusiya?"

"Akuti akasiya anthu afunsa chifukwa. Akuti bola imfa kusiyana n'kutchedwa gojo pa Madisi. Ndiye ine ndikuchita zimene ndingathe. Ndichape, ndiwasambitse, asadye ndi manja akuda."

"Ndipo ukundiuziranji ine? Ukufuna ndikamuvule mwana wa mlongo wanga pamaso pa anthu?"

"Ayi. Ndikufuna mumulankhule asiye kusungunula. Ntchitoyi anaitenga kwa inu, adzamvera inu. Za ine musavutike nazo. Ndikapita kwathu, iye adzatsalabe ndi utsi uja, ndipo mkazi winayo adzamwanso mankhwala a azamba pachabe."

"Ine ndapuma utsi umenewo zaka makumi atatu. Ndafa?"

Debora anawerama. Kenaka anafunsa akuyang'ana pansi.

"Pepani atsibweni, ndilakwa. Kodi a Eveline, atachoka kwa inu, anabereka angati?"

A Agustino anamva ngati wawathira madzi otentha. Eveline anali mkazi wawo woyamba. Anakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi popanda mwana, mpaka abale anamubweza kwawo. Wachiwiri anachoka yekha patatha zaka zitatu. Panalibe munthu m'mudzimo amene ankatchula zimenezi iwo ali pomwepo.

"Ulibe mwambo," anatero. "Loweruka lija usadzachedwe kumanga katundu."

Anamusiya ali chigwadire.

Sabata yonseyo a Agustino ankathirira nazale ndi dzanja limodzi, akudzilankhulira. Ankadziwa kuti Eveline anakwatiwanso kumapiri a ku Ntchisi ndipo anabereka. Nthawi zonse ankadziuza kuti anapeza sing'anga wamphamvu amene anamumasula. Tsopano bodzalo linayamba kuwavuta kumeza. Tsiku la msika wa ku Mponela anakwera minibasi, akuti akukagula mbewu ya chimanga. Ankadziwa kuti Eveline amagulitsa nyemba kumeneko.

Anamupeza atakhala kumbuyo kwa milu ya nyemba, atanenepa, imvi zili mbuu. Pambali pake panali mayi wachitsikana akuyamwitsa khanda.

"A Phiri! Mukadali moyo?" anatero a Eveline akuseka. "Nanga dzanjalo mwalitani? Mwabwera kudzagula kapena kudzandifunsiranso?"

"Ndimangodutsa. Uyu ndi wanu?"

"Wachitatu ameneyu. Onse alipo sikisi."

A Agustino anagwiragwira nyemba ngati akuziyesa.

"Ndifunseko. Munapita kwa sing'anga uti?"

A Eveline anasiya kuseka. Anamutuma mwana wawo uja kukagula madzi.

"Sing'anga wanji, a Phiri? Ndinalowa m'banja mu Epulo, pofika Febuluwale ndinali ndi mwana kumsana. Sindinamwe ngakhale muzu umodzi."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndikanene kwa ndani? Alongo anu ananditulutsa m'mudzi akundiimba nyimbo. Inu munakhala pakhonde mukupala mutu wa batire, osadzutsa nkhope. Ndinayenda wapansi mpaka kwathu, mtolo pamutu, ana akunditsatira akukuwa kuti chumba, chumba. Ndinali ndi zaka twente-foro." Anapukuta manja pa chitenje. "Anthu onse anadziwa kalekale, a Phiri. Amene simunadziwe ndinu nokha. Mugula nyemba kapena mukunditchingira makasitomala?"

Anagula mulu umodzi umene sankaufuna. Mbewu ya chimanga anaiwala.

Tsiku lotsatira anapita ku shopu. Anamuuza Festus kuti asiye kusungunula mtovu. Festus anawayang'ana ndi maso ofiira.

"Nambewe wakuuzani eti?"

"Wandiuza monga nkhoswe. Iwe ukamusiya apite atasenza mlandu wako?"

"Ndiye nditani, atsibweni? Ndikaime pamaso pa amayi ndi kunena kuti sindine mwamuna? Mawa lake ndidzadutsa bwanji pa siteji pano? Inu simungamvetse."

A Agustino anatembenuka. Anatuluka.

Loweruka lija linafika. Anakhala m'chigafa chopanda fodya chifukwa ndimo munali mthunzi. A Langton anabwera m'mawa pa njinga, atamangirira zingwe za mphira pa keliyala kuti adzanyamulire katundu. Amuna anakhala pa mipando, akazi pamphasa. Kunja kwa chigafa kunadzaza anthu amene sanaitanidwe. Pamudzi pamenepo munthu akadwala sapeza womutungira madzi, koma banja likamatha ngakhale opunduka amafika.

A Marita analankhula nthawi yaitali. Anatchula zaka zisanu, anatchula mankhwala, anatchula za kusamba kuseri kwa khola. Pomaliza ananena kuti kwa a Tomasi kuli mtsikana wabwino, wa kubanja lobereka, ndipo makolo ake sakukana.

A Langton anali munthu wa tchalitchi, wosakonda phokoso. Anavula chipewa.

"Tamva, ndipo tachita manyazi. Ife tinapereka mwana tikuyesa kuti tapereka munthu wathunthu. Ngati wakukhumudwitsani, timutenga. Koma ayambe walankhula mwini wake. Debora, uli ndi mawu?"

Debora anatembenuka n'kuyang'ana Festus. Festus ankayang'ana zala za kumapazi kwake. A Agustino anadziwa kuti mawu onse Debora ali nawo, okwanira kutseka pakamwa pa mudzi wonse.

"Ndilibe mawu, atsibweni," anatero Debora.

"Mwamva!" anatero a Marita. "Wavomera yekha."

A Agustino anakhalapo pa milandu yambiri. Anaona anthu akulumbira zabodza chifukwa cha mbuzi, ena akugulitsa abale awo chifukwa cha malire a munda. Munthu wosenza manyazi a mnzake dala, pakamwa ali napo, anali asanamuonepo. Anthu onse anatembenukira kwa iwo kuti atseke nkhani.

Anaimirira.

"Ndisanaweruze, ndili ndi mlandu wanga. Ambiri mukumukumbuka Eveline. Tinamuchotsa pamudzi pano tikuti ndi chumba. Eveline ali ndi ana sikisi. Wachiwiri uja, ndamva, ali ndi anayi. Ine ndilibe ngakhale wa patchire. Wosabereka ndinali ine."

"Achimwene, mwamwa?" anatero a Marita. "Khalani pansi!"

"Sindinamwe. Zaka makumi atatu ndinkauzira mtovu ndi pakamwa panga, n'kumadya chimanga cha pamoto womwewo. Dzanja ili palibe anandilodza. Ndinali ndi mwayi wonena zoona Eveline akumanga mtolo, chifukwa mumtima ndinkakayika. Ndinakhala chete. Lero ndakalamba, nyumba yanga ndi ya makoswe, ndipo amene ndinkaopa kuti andiseka theka lawo ali kumanda. Sekani tsopano amene mwatsala. Koma pakamwa panga sipatuluka mawu ochotsa mkazi wina pamudzi pano. Funani nkhoswe ina."

Kunja wina anasekadi, koma anasiya msanga poona kuti ali yekha. A Agustino anakhala pansi. Sanamuyang'ane Festus, ndipo dzina lake sanalitchule.

Mpando unalira. Festus anali ataimirira, atagwira nsanamira ya chigafa.

"Amayi," anatero. "Amayi, Nambewe alibe vuto. Tinapita ku Lilongwe, anatiyeza. Vuto lili ndi ine. Mtovu uli m'magazi mwanga, wawononga mbewu. Iye wakhala akudziwa miyezi inayi. Ndinamuletsa kunena. Miyezi yonseyi mankhwala anu aja ankamwa akudziwa kuti sakudwala, ena ankamutsegula m'mimba masiku atatu. Kundisambitsa kuja ankafuna kundipulumutsa."

A Marita anagwira kumutu.

"Akunamiza! Wakudyetsa mankhwala mkazi ameneyu!"

"Pepala lili m'nyumba, amayi. Aphunzitsi angakuwerengereni."

A Marita anayang'ana mwana wawo, anayang'ana mlongo wawo, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu.

Apo ndi pamene a Langton anavala chipewa. Nkhope yawo inali itasintha.

"Ndiye mwatiitana kuti mudzatinyoze, chikhalirecho matenda ali m'nyumba mwanu? Mwana wathu mwamutukwana zaka zisanu! Amayi ake kwathu sapitanso ku chigayo masana chifukwa cha manyazi. Debora, dzuka. Tsopano ndife tikukutenga. Ukadali mwana, ukapeza mwamuna wobereka. Pano ukalamba manja ali lende."

Palibe anatsutsa. Mwambo unali kumbali yawo, ndipo a Agustino ankadziwa zimenezo. Festus anakhala pansi ngati thumba lotha chimanga.

"Akunena zoona," anatero Festus. "Pita, Nambewe. Sindingakutsekereze."

Debora anakonza mpango wake kumutu. Ulendo uno analankhula mokweza, moti ndi akunja omwe anamva.

"Atsibweni, njira ya kwathu sindinaiiwale. Ndikanafuna kupita ndikanapita mwezi wa Juni, pepala lili m'manja. Mwana ndimamufuna, musaganize kuti sindimufuna. Ndikaona anzanga ku sikelo mtima umandiwawa. Koma munthu uyu ndikamusiya lero, Lolemba abwerera pa mbaula paja, ndipo chaka chamawa mudzamva za maliro."

Anatembenukira kwa mwamuna wake.

"A Festus, ndimve pano, pamaso pa anthu. Kusungunula kuja mwasiya kapena ayi?"

"Ndasiya."

"Tidya chiyani?" analowerera a Marita akusisima.

"Amadziwa kulumikiza mawaya a sola, amayi. Dimba lilipo. Tidya zochepa." Debora anawayang'ana apongozi akewo m'maso, koyamba chilowere m'mudzimo. "Koma mumve bwino. Adokotala sanalonjeze. Mwina mwana adzabwera, mwina sadzabwera. Akapanda kubwera, dzina lija musadzanditchulenso. Ndipo asadzapezeke wotchula a Festus dzina linalo ine ndili pomwepo."

A Marita anagwedeza mutu movomera.

A Langton anayesa kawiri kumunyengerera. Anamukumbutsa kuti ukalamba wopanda mwana ndi wowawa, analoza ngakhale a Agustino ngati chitsanzo. A Agustino anavomera kuti ndi wowawadi. Debora sanasunthe pamphasapo.

Pomaliza a Langton anatuluka m'chigafa, anamasula zingwe za pa keliyala n'kuziika m'thumba. Anthu anapatuka kuwapatsa njira. Debora anawaperekeza mpaka pamsewu, a Agustino akutsatira pambuyo monga nkhoswe.

"Mwana iwe ndiwe wouma mutu," anatero a Langton, phazi lili pa pedulo. "Nanga amayi ako ndikawauze chiyani?"

"Mukawauze kuti mwana wawo si chumba, azipita ku chigayo masana," anatero Debora. "Mukawauzenso kuti ndatsala mwa kufuna kwanga. Palibe wandikakamiza."